Mbewa za m'Phukusi la Saidi

Anthu a kumpingo kwathu amandiseka. Amati Mngoni weniweni wa ku Ntcheu, koma akaona mpani wa mbewa amayang'ana kumbali ngati wakumana ndi apongozi akusamba. Ena amati ndi matenda, ena amati ndinalowa Chisilamu mobisa. Asiyeni aseke. Ine mbewa ndinkazidziwa kuposa onsewo. Una ndinkauzindikira ndili chapatali, ndipo kapuku wonona ndinkamudya osasiya ndi mchira womwe. Mbewa ndinazisiyira ku Mozambiki, m'mbali mwa njanji, nthawi ya nkhondo ya Apwitikizi.

Kumeneko sindinkafunako ayi. Ndinkafuna ku Joni ngati anzanga, koma dokotala wa olemba anthu anandigogoda pachifuwa kawiri n'kunena kuti ndine wopepuka. Ndinabwerera kumudzi mutu uli pansi. Mkazi wanga Nachisale anali ndi pakati poyamba, ndipo chitenje anali nacho chimodzi, chochapa n'kudikira chiume. Ndiye ogulitsa nsomba ena anandiuza kuti kutsidya, kwa Apwitikizi, akulemba anthu a njanji ndipo chifuwa sayeza. Zoti kuli nkhondo anandiuzanso, koma khutu langa linasankha zoti limve.

Ndinadzera ku Mangochi, kukwera mpaka ku Namwera, n'kudutsa malire pa kanjira ka anthu a nsomba. Nditafika ku Mandimba m'pamene ndinadziwa kupusa kwanga. Ntchito inalikodi, koma ankalemba munthu wokhala ndi kadeneta, chitupa chawo cha kumeneko. Munthu wa ku Malawi wopanda kadeneta ankamutenga ngati kazitape wa anyamata a m'tchire omenyana ndi Apwitikizi, ndipo omutenga sankamubweza. Ndinakhala masiku awiri kuseri kwa sitolo ya Mmwenye, kuopa kupita kutsogolo, kuchita manyazi kubwerera.

Tsiku lachitatu panafika bambo wina wamtali, wowonda, wa kachisoti koyera, akukankha njinga yoduka tcheni. Njinga ndinkazidziwa. Ndinapempha msomali, ndinatola mwala, posakhalitsa tcheni chinalumikizika. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa chinangwa chootcha n'kundifunsa kwathu, m'Chinyanja cholemera ndi Chiyao. Ndinafuna kunama, koma njala inali itandithera mabodza. Anati dzina lawo ndi Che Sumaili, wa ku Ngauma, wantchito wa njanji, ndipo ndiwatsatire.

Tinayenda mtunda ndithu tikukankha njinga. Pansi pa mtengo wa mango anaima n'kutulutsa kadeneta m'thumba la mkati. Inali ya Saidi, mwana wa mlongo wawo, amene anali atalowa m'tchire kukamenya nkhondo. Boma likanadziwa kuti Saidi kulibe, amayi ake akanaona zakuda. Tsono panafunika Saidi wina woti azioneka pantchito. Chithunzi cha m'kabukuko chinali chitafufuma ndi thukuta, ndipo iwo anati ndisadandaule, kwa Mzungu tonse nkhope yathu ndi imodzi.

"Kuyambira lero ndiwe Saidi, ine ndine malume ako," anatero. "Ukaiwala, tafa tonse."

Koma abale, dzina la mwini ndi lovuta kuvala. Gulu lathu linkagona m'misasa ya malata chakufupi ndi Itepela, ndipo kapatazi, ndiye kuti kapitawo wathu, akaitana kuti Saidi, ine ndinkatembenuka kufunafuna Saidiyo. Che Sumaili ankandiponda chala. Ataona kuti chala changa chitha, anayamba kundiitana popanda chifukwa tsiku lonse. Saidi, patse madzi. Saidi, taona mbalame iyo. Saidi, palibe kanthu, ndimangokuyesa. Patatha mwezi dzinalo linandilowa, moti ndinkayankha ndisanaganize.

Zina zonse ndinaphunziranso ngati mwana. Mzungu akamabwera, chipewa m'manja, iwe kumbali kwa njira. Moni wa m'mawa ndi bondiya. Chakudya chinali ufa wakuda wa chinangwa chouma, nyemba zofumbwa ndi nsomba zamchere zouma gwa, ndipo mimba yanga inachita mwano milungu itatu isanagonje. Ntchito inali kuchotsa mitanda yowola ya pansi pa njanji, kuikapo ina, n'kusindira miyala ndi piki. Chitsulo cha njanji tinkachinyamula anthu ambiri ndi nyimbo ya Chimakua, ndipo pali pamene nyimbo imafika, onse n'kudzutsa pamodzi. Ine ndinkachedwa, chitsulo n'kundisenda phewa. Madzulo amalume ankandipaka mafuta a nsatsi uku akunditonza kuti Angoni amangodziwa kudumpha ndi zishango.

M'gulumo munali Asilamu asanu, onse a ku Ngauma, ndipo onse ankamudziwa Saidi weniweni. Palibe anatsegula pakamwa. Kwa ena onse nkhani inali yoti mlongo wa Che Sumaili anakwatiwa kwa Anyanja a ku Amaramba, n'chifukwa chake Chiyao changa chinali chopunduka. Malamulo amalume anandipatsa ochepa. Chisoti chisachoke kumutu, kupatula pamaso pa Mzungu. Nthawi yoswali ndizikhala kumbuyo kwa mzere n'kumapemphera zakwathu chamumtima, poti Mulungu samva chilankhulo chimodzi chokha. Posamba ndizipita ndekha kumunsi kwa mtsinje, ndipo chifukwa chake ndisafunse, ndikuchidziwa. Lomaliza analinena akundiloza ndi chala: nkhumba ndi mbewa ndiziiwale.

Amalumewo ndiwo ankatsogolera swala, ndipo anthu ankawatcha shehe ngakhale ankakana kuti sanaphunzire mokwanira. Ulemu wawo ndinkauona bwino tikapita ku Cuamba, pakutha pa mwezi. Azungu tauniyo ankaitchula dzina lina lawolawo, ife tinkangoti Cuamba. Kunyumba za anthu a njanji kunali mitundu yonse, Amakua, Ayao, Anyanja, ana a Azungu obadwa kwa amayi akuda. Che Sumaili akangotulukira, amayi ankatuluka ndi nkhuku kuti awachinjire. Ngakhale akazi a Chikhristu ankabwera nazo, kuti alendo awo a Chisilamu akadye momasuka. Mpeni wawo unali waung'ono, wa m'chimake chachikopa, wonoledwa mpaka kuwonda. Ine ntchito yanga inali kugwira miyendo ndi mapiko. Tsiku lina tambala anandipulumuka n'kuthamanga bwalo lonse, ndipo nkhani imeneyo sanaiiwale mpaka kalekale.

Katundu wa kumudzi ndinkapatsira bambo wina wa nsomba wa ku Amaramba amene ankafika mpaka ku Balaka. Ndinatumiza nsalu ziwiri za kapulana, sopo ndi bulangete. Pobwera, bamboyo anandinong'oneza kuti Nachisale wachira, mwana ndi wamkazi. Ndinapita kuseri kwa ngolo n'kulira ngati wafedwa, chifukwa sindikanatha kuuza aliyense. Saidi analibe mkazi. Amalume anandipeza komweko. Sananene zambiri, anangoti ndiye kuti ali ndi mdzukulu, ndipo ulendo wotsatira anagula timikanda tofiira kuti titumize.

Nkhondo tinkakhala nayo ngati mmene umakhalira ndi njoka ya kudenga. Sitima inkayenda ikukankha ngolo zodzaza mchenga kutsogolo, kuti bomba likakhala lokwiriridwa liphulitse mchengawo. M'mawa uliwonse tinkayenda m'njanji maso ali pansi, kuyang'ana pamene miyala yasunthidwa. Za anyamata a m'tchire sitinkakamba. Koma nthawi zina ndinkawaona amalume ataimitsa piki, akuyang'ana kumapiri. Kamodzi kokha ananena kuti mnzanga uja, mwini dzina, amakonda nzimbe, ndipo anapitiriza kusindira miyala.

Tsono chilimwe chachiwiri anatentha tchire m'mbali monse mwa njanji, kuti asilikali aziona patali. Ha! Lupsa lake limenelo. Mauna ali mbwee, timikwaso ta mbewa tili paliponse, popanda wokumba. Ndinapirira sabata imodzi. Sikuti inali njala yokha ayi. Ndikaona mauna aja ndinkaona kwathu, ndinkaona Nachisale akusosola mbewa pakhonde, ndinkamva fungo la mwezi wa Ogasiti kumudzi. Ndinali nditatopa kukhala Saidi. Ndinkafuna ndikhaleko ine, ngakhale pakamwa pokha.

Lamulungu masana ndinanamizira kukatsuka zovala. Ndinakumba mauna atatu ndi kakhasu, ndinapha zokwana mpani umodzi, akapuku okhaokha. Ndinaziphika m'chitini ndi kamchere kochepa kamene ndinabisa m'thumba, n'kuziwamba pamoto. Ziwiri ndinadyera pomwepo nditatsinzina. Zotsalazo ndikanazitaya, koma mtima wa Mngoni, kutaya kapuku? Ndinazikulunga m'pepala la simenti n'kuziika pansi pa phukusi langa.

Lachitatu lake bomba linaphulitsa ngolo ya mchenga pafupi ndi msasa wathu. Dzuwa lisanafike pamutu, asilikali anali atafika pa galimoto. Kumbuyo kwa galimotoyo kunali kale anthu awiri a gulu lina, omangidwa manja, nkhope zitatupa. Anatiimika pamzere, aliyense kadeneta m'manja, phukusi pamapazi. Wofufuza anali sipayo, wapolisi wachikuda wa boma, Myao wa ku Mandimba amene ankawadziwa bwino Che Sumaili. Mzungu wa asilikali anaima chapatali akusuta.

Atafika pa ine anakhuthula phukusi. Pepala la simenti linagwa n'kufunyululuka, mpani uli poyera, timano ta akapuku tili lang'a. Sipayo anautola, anayang'ana kadeneta, anandiyang'ana ine, kenako anatembenukira kwa amalume amene anaima pambali panga.

"Che Sumaili, mwana wa mlongo wanu anayamba liti kudya mbewa?"

Kenako sipayoyo anatsitsa mawu, kuti Mzungu asamve, n'kuwapatsa njira yothawira. Anati angonena kuti sandidziwa, kuti kadeneta ndinachita kuba. Iwo atsala, ine ndikwera galimoto. Kunena zoona, njirayo inali yabwino, ndipo ine ndikanakhala iwo sindikudziwa ngati ndikanaikana. Ndinayang'ana pansi, ndikuganiza za mwana amene ndinali ndisanamuone.

"Mbewazo ndi zanga," anatero amalume. "Mwanayu amangondisungira, kuopa anzangawa angaone."

Sipayo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Zanu? Inu shehe? Idyani tione."

Amalume anasolola imodzi pampani ndi zala ziwiri, ngati akutola khala la moto. Munthu amene chibadwire anali asanakhudzepo chinthu chimenecho. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, mawu aja ankanena nthawi zonse asanadye kanthu. Kenako anaiponya m'kamwa. Mzere wonse unali zii, moti timafupa tinkamveka tikuphwanyika. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali pa sipayo, mpaka anameza. Sipayo anamasulira nkhaniyo m'Chipwitikizi, Mzungu uja anaseka nawo, ndipo kadeneta anandiponyera pamapazi. Galimoto inapita ndi anthu awiri aja.

Amalume anatenga birika lawo n'kulowera kumtsinje. Ndinawatsatira chapatali. Ndinawamva akusanza kuseri kwa bango, nthawi yaitali, kenako akutsuka m'kamwa mobwerezabwereza. Atatuluka anandipeza nditagwada pamchenga. Ndinati ndawalakwira, andimenye, andichite chilichonse. Anakhala pamwala, akupuma movutika, maso ali ofiira.

"Saidi, chimenechi n'chimene chinkakusowetsa mtendere? Ndi mchere womwe sunathire wokwanira."

Ndinaseka ndikulira, mamina ali chuchuchu, bambo wamkulu wa mwana mmodzi. Iwo anandigwira pamutu n'kunena kuti za Mulungu ndisadandaule, Iye galimoto ija anaiona. Za anthu ndiye tiona.

Nthawi ya swala ya masana anakaima kumbuyo, pafupi ndi ine. Anzawo anayi aja anadikira, osayamba. Kenako wamkulu mwa iwo anabwera, anawagwira mkono wa malaya n'kuwakokera kutsogolo. Pamsasa nkhani inathera pomwepo, poti onsewo ankadziwa mwini mbewa.

Ku Cuamba ndiye kunali kwina. Pakamwa pa sipayo panatitsogolera. Titatsika sitima mwezi umenewo, palibe mayi anatuluka ndi nkhuku. Ena ankatiyang'anira pazenera. Kumsika wina anakuwa kuti shehe wa mbewa wafika, anthu n'kuseka. Kumzikiti sanawathamangitse, koma amene ankaima pafupi nawo ankasiya kampata. Mwezi wotsatira chimodzimodzi, chaka chotsatira chimodzimodzi. Mpeni uja ankaunolabe Lachinayi lililonse, n'kuubwezera m'chimake osagwira ntchito. Zinkandipweteka kuposa chitsulo cha paphewa. Ndinawapempha kangapo kuti ndikaulule kwa akuluakulu a mzikiti okha, mwakachetechete. Anakana. Anati nkhani ya anthu atatu ndi ya tauni yonse, ndipo ya tauni yonse ndi ya sipayo.

"Ukatsegula pakamwa, ndiye kuti ndinadyera chabe," anatero.

Tinagwira ntchito limodzi mvula zina zitatu. Kenako chifuwa chinawagwira, ndipo kapatazi anawachotsa ntchito. Kwawo ku Ngauma anthu anali atawasamutsira m'midzi ya mpanda wa waya, mlongo wawo uja anamwalirira momwemo, tsono iwo anakakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Cuamba. Anandiuza kuti ndizipita kwathu, chifukwa panalibenso womuteteza ndi kadeneta ija, komanso panalibe wondiponda chala. Ndinawabwezera kabukuko. Anakapukuta ndi malaya n'kukaika m'thumba lomwe lija la mkati.

Kumudzi ndinapeza bambo anga anaikidwa kale, ng'ombe zawo achimwene atagawana. Mwana wanga anali wamkulu wotha kutunga madzi, timikanda tofiira tili m'khosi, koma atandiona anabisala kumbuyo kwa amake n'kufunsa kuti alendowa agona kuti. Wina akandiitana dzina langa lenileni ndinkachedwa kuyankha, moti anthu ankati ndabwera ndi matama. Nachisale yekha ndiye sanasinthe, kupatula kuwonda. Tsiku lachiwiri anandikonzera chimene ankadziwa kuti ndimachikonda. Anali atatuma alongo ake kukakumba masiku awiri. Anagwada, anavundukula mbale, akapuku ali ng'aning'ani ndi mafuta.

Ndinamva timafupa tija m'makutu. Ndinakankha mbale n'kutuluka panja. Nditabwerera ndinamupeza akulira, akuti ngati ndinakwatira Myao kumeneko ndingonena. Ndiye ndinakhala pansi n'kumuuza zonse, kuyambira pa tcheni cha njinga. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anatenga mbale ija kukapereka kwa alongo ake, ndipo pobwera anandifunsa funso limodzi, kuti tsono ine ndabwera ndi moyo wanga, nanga dzina labwino la amalumewo ndalisiya m'manja mwa yani.

Mkazi ameneyu sanabwerezenso nkhaniyo. Anangosankha katambala koyera pa anapiye ake n'kumakadyetsa padera. Kakakalamba ankasankha kena. Tsiku limene tinamva kuti Apwitikizi apita ndipo masipayo avula mayunifomu, anagwira tambala amene analipo, anamumanga miyendo, anamuika m'dengu n'kundipatsa. Anati ndisabwere naye.

Ndinakwera sitima ya ku Nayuchi, ndipo ndinafika ku Cuamba Lachisanu. Ndinadikira panja pa mzikiti mpaka anthu atayamba kutuluka ndi kuvala nsapato. Amalume anatuluka pomalizira, okhaokha, akufufuza njira ndi ndodo. Maso anali atachita ng'ala. Ndinaima pakati pa bwalo, dengu lili m'manja, n'kuyamba kulankhula mokweza m'Chiyao changa chopunduka, posowa mawu ndikuthira Chinyanja. Ndinati ndine Mkhristu wa ku Malawi. Ndinati mbewa zija ndinakumba ndine, ndinaphika ndine, ndinabisa ndine. Ndinanena za galimoto, za anthu awiri omangidwa aja amene sanabwerenso, ndi za njira imene sipayo anawapatsa iwo n'kuikana. Mawu anandithera pakati, koma zofunika zinali zitatuluka.

Mkulu wina wa ndevu zoyera anandifunsa kuti tsono dzina langa lenileni ndine yani. Ndisanayankhe, amalume anayankhira ali potero, kuti ameneyo ndi Saidi. Pamenepo ndinadziwa kuti mnzanga wokonda nzimbe uja sanabwereko kutchire.

Anayandikira akugogoda ndodo, anandipapasa kumaso, paphewa paja panali chipsera, mpaka dzanja linafika padengu. Tambala anadzikupiza.

"Wabwera ndi phokoso, Saidi."

"Ndabwera ndi tambala, amalume. Ndichinjireni."

Anapisa dzanja m'chiuno, pansi pa mkanjo, ndipo kampeni kaja kanali pomwepo, kowonda kuposa kale. Anandiuza kuti ndiwatembenuzire koyenera kuyang'ana, chifukwa maso sakuonanso. Ndinawatembenuza, tinanjuta tonse awiri pafumbi, anthu atatizungulira. Dzanja lawo linafufuza khosi la tambala, ndipo litalipeza linaima nji.

"Gwira miyendo bwino," anatero. "Paja iwe umataya."

Ndinagwira. Tisanamalize n'komwe kutsuka mpeni, mayi wina anali ataima kale kumbuyo kwanga, akupuma mwawefuwefu, nkhuku yake ili m'khwapa.